Dalaivala Amene Sakwera Sitima

 Nkhani yathu ya lero ikuchokera ku Nayuchi, m'boma la Machinga, ndipo ndi yokhudza makompyuta. Ndikudziŵa kuti ena mwa inu mwatambasula kale dzanja kuti mutseke wailesi, poganiza kuti zimenezi n'za anthu a m'maofesi a ku Blantyre ndi ku Lilongwe. Ndikupemphani kuti muyambe mwadikira. Ngati pa sukulu ya ana anu, pa chipatala chanu kapena m'nyumba mwanu muli kompyuta yogwirapo kale ntchito kwina, nkhaniyi ndi yanu.

Kwa amene simunafikeko, Nayuchi ndi siteshoni yotsiriza ya njanji ya kum'maŵa, pa malire a dziko lathu ndi Mozambique, pa mtunda umene uli pakati pa nyanja ya Chiuta ndi nyanja ya Chilwa. Njanjiyi imapatuka pa Nkaya m'boma la Balaka, n'kuwoloka Shire pa Liwonde, ndipo idatsegulidwa m'chaka cha 1970 kuti katundu wathu azifika ku doko la Nacala. Kutsidya kwa malire kuli siteshoni ya Entre Lagos. Masiku ano pamadutsanso sitima zazitali zonyamula malasha a ku Moatize. Choncho mukafunsa mwana wa kumeneko kuti dalaivala ndani, iye adzakulozerani munthu wokhala kutsogolo kwa sitima. Koma alipo dalaivala wina, wosakwera sitima kapena galimoto, amene amakhala m'kati mwa kompyuta.

Ndidapita ku Nayuchi kukajambula mau a alimi a mpunga, ndipo ndidafikira kwa mphunzitsi wina amene tidaphunzira limodzi ku koleji ya aphunzitsi. Mnzangayu ali ndi laputopu ya pa kaunjika, yopitirira zaka khumi, imene amalembera mayeso ndi kusungira malikisi a ana. Laputopuyo imayendera Linux. Tsiku lina, ali ku Liwonde kumene netiweki imagwira bwino, adalola kuti ilandire mapulogalamu atsopano. Atafika kunyumba n'kuiyatsa, padaoneka timalemba toŵerengeka, kenaka mdima bii. Fani imamveka kuti ikuzungulira, koma pa sikirini padalibe kanthu. Malikisi a teremu yonse adali m'menemo. Mwamwayi mnyamata wina wokonza mafoni pa msika adamuonetsa kuti poyatsa angathe kusankha pulogalamu yakale ija, ndipo sikirini idaŵalanso.

Atandifotokozera zimenezi ndidamufunsa kuti, "Aphunzitsi, nanga eni ake olemba pulogalamuyi mudaŵauza?"

Iye adaseka. "Achimwene, ndikauze yani? Anthu a ku Ulaya angamvere munthu wa ku Nayuchi?"

Funso limeneli ndilo ndikufuna kuyankha lero, koma tiyambe tadziŵa chimene chidadwala m'laputopu muja.

Chithunzi chimene mumaona pa sikirini n'chopangidwa ndi timadontho tating'onoting'ono. Pa malaputopu ambiri akale pali timadontho 1,366 chopingasa ndi 768 chotsika, ndiye kuti tonse pamodzi n'toposa miliyoni imodzi, ndipo kadontho kalikonse kamapatsidwanso mtundu wake ka 60 pa sekondi imodzi. Ntchito yotereyi ndi yaikulu, motero m'kompyuta muli kachipangizo kapadera kojambula, kotchedwa GPU. Vuto n'lakuti GPU iliyonse ili ndi chinenero chake. Ya kampani ya Intel simva chinenero cha ya AMD, ya Nvidia ili ndi chakechake, ndipo ngakhale za kampani imodzi zimasiyana malinga ndi chaka chimene zidapangidwa.

Taganizani za wamalonda wochokera ku Cuamba, wolankhula Chipwitikizi ndi Chimakua, atakumana pa Nayuchi ndi wogula wa ku Balaka wodziŵa Chicheŵa chokha. Popanda womasulira malonda sangayende. Dalaivala wa zithunzi ndiye womasulira ameneyo. Pulogalamu yolembera ikanena kuti, "Jambula chilembo ichi apa," dalaivala amatembenuza mauwo kuti akhale m'chinenero cha GPU imene ili m'kompyutamo. Womasulira akaphonya liu limodzi, sikirini imada, kapena imachita mizeremizere, kapena kompyuta imauma osayankhanso. Nthaŵi zina dalaivala akasoŵa chithunzi chimaonekabe, koma ntchito yonse yojambula imagwera ubongo wa kompyuta. Pamenepo makina amatentha, kanema amadumphadumpha, ndipo batire sichedwa kutha. Kwa munthu amene amadalira sola, ameneŵa si maseŵera.

Pa Linux, dalaivala wa zithunzi ali ndi zigawo ziŵiri. Chigawo choyamba chili m'chimake cha Linux, chimene amachitcha kernel. Chimenechi chili ngati mkulu wa pa siteshoni: chimayatsa GPU, chimafunsa sikirini kukula kwake, chimagaŵa malo osungira zithunzi, ndipo chimaonetsetsa kuti mapulogalamu aŵiri asagundane pa njanji imodzi. Chigawo chachiŵiri ndi Mesa, imene Brian Paul wa ku America adayamba kulemba mu 1993, ndipo ndiyo imamasulira malamulo ojambulira. Sikirini ikada poyatsa penipeni, monga zidachitikira mnzanga uja, kaŵirikaŵiri vuto limakhala m'chigawo choyambacho.

Tsono kusiyana kwa Linux ndi mapulogalamu ogulitsa kuli apa. Kampani ikalemba dalaivala mobisa, ndi yokhayo imene ingamukonze, ndipo ikaleka kusamalira makina a chaka chakutichakuti, palibenso wina angaloŵererepo. Linux, imene Linus Torvalds adayamba mu 1991 ali wophunzira ku Helsinki m'dziko la Finland, malemba ake onse ali poyera. Aliyense angathe kuŵerenga, kukonza ndi kugaŵira anzake. Mwa mitundu yodziŵika ya Linux pali Ubuntu, imene Mark Shuttleworth wa ku South Africa adakhazikitsa mu 2004, ndipo dzina lakelo ndi liu lomwe lija ife timati umunthu.

Komabe kukhala ndi ufulu wolemba dalaivala sikutanthauza kuti chinenero cha GPU mukuchidziŵa. Makampani ena adathandiza. Intel imalemba anthu ntchito yosamalira madalaivala ake a poyera, ndipo AMD idayamba kutulutsa mabuku ofotokoza zipangizo zake mu 2007. Koma Nvidia kwa zaka zambiri idasunga chinsinsi. Anthu odzipereka, motsogozedwa ndi Stéphane Marchesin wa ku France, adayamba kulemba dalaivala wawo wotchedwa Nouveau, ndipo njira imene adatsata ndi yochititsa chidwi. Adachita monga amachitira mwana wobwera kumene m'mudzi wa Ayao, amene amakhala phee kumvetsera, n'kuona kuti akanena liu lakuti munthu amabweretsa madzi, akanena lina amatseka chitseko, mpaka chinenero atachigwira popanda buku. Iwo adalemba kapulogalamu kotchedwa REnouveau, komvetsera zimene dalaivala wobisika amauza GPU. Popeza mitundu ya GPU za Nvidia ndi yochuluka ndipo palibe munthu mmodzi akadatha kugula yonse, adapempha anthu wamba m'maiko osiyanasiyana kuti ayendetse kapulogalamuko pa makina awo n'kutumiza zotsatira.  Nouveau adaloŵa mu kernel ya Linux mu 2010, ndipo mu 2022 Nvidia idaika poyera gawo lina la madalaivala ake.

Chimodzimodzi ndi GPU zotchedwa Mali, za kampani ya Arm, zimene zili m'mafoni ambiri otchipa amene tili nawo m'matumbamu. Dzinali lisakusokonezeni ndi dziko la Mali. Zipangizozi zidayambira ku Norway. Dalaivala wake wa poyera wotchedwa Panfrost adayamba ndi khama la anthu oŵerengeka, ndipo wotsogolera wake wa nthaŵi imeneyo, Alyssa Rosenzweig, adayamba ntchitoyi akali mtsikana wa ku sekondale. Panfrost adalandiridwa mu Linux ndi mu Mesa m'chaka cha 2019.

Tibwerere kwathu kuno. Makompyuta ambiri amene amafika m'sukulu ndi m'nyumba zathu ndi amene maofesi a kunja adatopa nawo. Pa 14 Okutobala 2025 kampani ya Microsoft idaleka chisamaliro cha nthaŵi zonse cha Windows 10, ndipo makina akale ambiri sakwanitsa zimene Windows 11 imafuna. Kwa makina otereŵa Linux ndiyo njira yotsala yokhalira ndi pulogalamu yosamalidwa. Koma nayonso Linux sisunga dalaivala mpaka muyaya. M'chaka cha 2022, potulutsa Mesa 22.0, olemba adachotsa madalaivala a kalembedwe kakale n'kuŵaika pa nthambi yapadera yotchedwa Amber. Mu 2023 kernel ya nambala 6.3 idachotsa madalaivala a zipangizo zakale kwambiri za makampani monga 3dfx, SiS ndi VIA. Mwamwayi, GPU za Intel zopangidwa kuyambira cha m'ma 2006 mpaka 2013, zimene zili m'malaputopu ambiri a pa kaunjika, zidapulumuka chifukwa Dave Airlie, mmodzi wa akuluakulu osamalira za zithunzi mu Linux, adazilembera dalaivala watsopano wotchedwa Crocus mu 2021.

Ine sindiŵaimba mlandu anthu ochotsa madalaivalaŵa. Munthu sangakonze makina amene alibe, ndipo olemba mapulogalamu ambiri amakhala ndi makompyuta atsopano. Akasintha mzere umodzi pofuna kuthandiza GPU ya chaka chino, mwina aphwanya kena kake pa GPU ya 2010, iwo osadziŵa. Pakapanda wodandaula, amayesa kuti zonse zili bwino. Pakapita zaka popanda womveka kuti akugwiritsa ntchito dalaivalayo, amayesa kuti makinawo adatha padziko lapansi. Chonsecho makinawo ali moyo, ali ku Nayuchi, ku Ulongwe ndi ku Phalula, m'fumbi ndi m'kutentha kwa Okutobala, olumikizidwa ku ma TV ndi masikirini amene wolemba wa ku Berlin sanaŵaonepo. Mnzanga uja, pobwerera ku kernel yakale mwakachetechete, adadzipulumutsa kwa miyezi ingapo chabe. Tsiku lidzafika lakuti kernel yakaleyo idzasiya kusamalidwa, ndipo cholakwa chija chidzakhala chikumudikira m'yatsopano.

Wina anganene kuti ntchito zotere si za Amalaŵi. Amene mudalandirapo kapepala komatidwa m'buku lanu la kuchipatala mungatsutse. Mu 2001, pa chipatala chachikulu cha ku Lilongwe, Gerry Douglas ndi anzake a bungwe la Baobab Health adatenga timakina totchedwa i-Opener, timene tidalephera pa malonda ku America, n'kutiika sikirini yogwira ndi chala, kuti tizilembera odwala. Pambuyo pake achinyamata a konkuno ndiwo adalemba ndi kusamalira mapulogalamu ake m'zipatala zambiri. Iwo sadali kulemba madalaivala a GPU, koma mtundu wa ntchito ndi womwewo: kutenga chipangizo chimene eni ake adachitaya n'kuchimvanitsa ndi pulogalamu ya poyera.

Nanga munthu wamba angathandize bwanji? Kulemba dalaivala kumafuna chinenero cha C ndi zaka zophunzira, koma kuyesa sikufuna zimenezo. Kernel yatsopano imatuluka pakapita milungu isanu ndi inayi kapena khumi. M'milungu iŵiri yoyamba amalandira zosintha zonse, kenaka mlungu uliwonse amatulutsa yoyeserera, kaŵirikaŵiri kasanu ndi kaŵiri, kuti anthu apeze zolakwa yeniyeniyo isanatuluke. Njira yosavuta kwa woyamba ndiyo kuika Linux yatsopano pa fulashi n'kuyatsira kompyuta pamenepo, osakhudza zimene zili m'kati. Mukatero muone ngati sikirini ikuŵala bwino, ngati mungathe kuchepetsa ndi kuonjeza kuŵalako, ngati kanema akuyenda osadumpha, ngati chithunzi chikufika pa TV kapena pa pulojekita. Mutseke chivundikiro cha laputopu, mudikire, mutsegulenso. Zolakwa zambiri zimabisala pa kugona ndi kudzuka kumeneku. Ndipo monga mphunzitsi mnzanu ndikuchenjezeni: musanayese chilichonse, malikisi a ana muŵakopere pena, ndipo sabata ya mayeso si yoyesera makina.

Mukapeza cholakwa, luso lagona pa kafotokozedwe. Wodwala amene amangouza adokotala kuti, "Ndikudwala," savuta kumubweza ndi panado. Amene amanena kuti mutu udayamba Lachiŵiri, umakula madzulo, ndipo udayamba atamwa mankhwala akutiakuti, ameneyo wathandiza adokotala. Olemba madalaivala amafuna kudziŵa dzina lenileni la GPU yanu, limene limaoneka mukalemba lamulo lakuti lspci. Amafuna nambala ya kernel, imene imaoneka ndi lamulo lakuti uname -r. Amafunanso kaundula wa zonse zimene kernel idachita chiyatsireni, ndipo ameneyu amatuluka ndi lamulo lakuti dmesg. Muonjezepo zimene mudachita mwatsatanetsatane kuti cholakwa chioneke, ndiponso chithunzi cha sikirini chojambula ndi foni. Chofunika koposa zonse ndicho kunena nambala imene zinthu zinkayenda ndi nambala imene zidaleka kuyenda, chifukwa Torvalds adaika lamulo lolimba lakuti chosintha chatsopano chisaphwanye chimene chinkagwira ntchito kale. Dandaulo lotere limakhala ndi mphamvu kuposa ena onse, ndipo chosintha cholakwacho amatha kuchibweza. Madandaulo a za zithunzi amasungidwa ku freedesktop.org, koma woyamba kumene angathenso kudzera kwa osamalira mtundu wa Linux umene ali nawo.

Nthaŵi zina olemba amayankha kuti, "Tithandizeni kupeza chosintha chenichenicho." Apa mpamene pali nzeru imene ndimaikonda. Pakati pa kernel imodzi ndi inzake pamakhala zosintha zoposa 10,000, ndipo cholakwa ndi chimodzi. Tiyerekeze kuti waya wa telefoni wotsata njanji kuchokera ku Nkaya mpaka ku Nayuchi, mtunda wa makilomita pafupifupi 100, waduka pena pake. Munthu wosaganiza adzayenda wapansi kuyang'ana mtengo uliwonse. Wanzeru adzatsika pakati penipeni, pa kilomita 50, n'kuyesa kuimbira ku Nkaya. Ikamveka, wadziŵa kuti mbali imeneyo ili bwino, ndipo kwatsala makilomita 50. Apitenso pakati pa otsalawo, kutsale 25. Kenaka 13, kenaka 7, 4, 2, mpaka imodzi. Kuyesa kasanu ndi kaŵiri kokha, malo oduka apezeka. Pulogalamu yotchedwa Git, imene Torvalds yemweyo adalemba mu 2005, imachita zomwezi ndi lamulo lakuti git bisect. Imakupatsani kernel ya pakati, inu muyese n'kunena ngati ili bwino kapena ai, iyo ikupatseni ina. Zosintha 16,000 zimatha ndi kuyesa ka 14.

Ndisakunamizeni kuti zimenezi n'zopepuka. Kumanga kernel pa laputopu yakale kumadya maola, ndiye muchite ka 14 pa magetsi a sola. Kukoka malemba a Linux koyamba kumatha bandulo yaikulu. Madandaulo amalembedwa m'Chingerezi, ngakhale kuti Chingerezi chosavuta n'chokwanira, popeza olemba ambiri nawonso si chinenero chawo. Yankho limatha kuchedwa, limatha kukhala lalifupi ngati la munthu wokwiya, ndipo pena silibwera n'komwe. Malipiro palibe. Chimene chilipo n'chakuti chokonza chikaloŵa mu kernel, m'munsi mwake amalemba dzina la amene adanena cholakwacho ndi la amene adayesa mankhwala ake, pa mizere yotchedwa Reported-by ndi Tested-by, ndipo mainawo amakhala m'mbiri ya Linux mpaka kale. Kwa wophunzira za makompyuta ku Zomba, ku MUBAS, ku MUST kapena ku Mzuzu, mzere woterewu ndi umboni umene wolemba ntchito wa dziko lililonse angathe kuuona yekha. M'maganizo anga, ntchito yolemera ya git bisect ikuyenera ophunzira ameneŵa, amene ali ndi magetsi ndi intaneti ya pa koleji, ndipo aphunzitsi awo akadachita bwino kusonkhanitsa malaputopu akale ochokera m'maboma kuti akhale oyesera. Wa kumudzi gawo lake ndi kuona, kulemba ndi kunena.

Usiku umene uja, nyali ya sola ili pa tebulo, ine ndi mnzanga tidayatsa laputopu ndi kernel yakale n'kukopera dzina la GPU ndi manambala onse. Tidayatsanso ndi yatsopano, tidajambula mdima uja ndi foni, ndipo tidalemba mizere isanu ndi itatu ya Chingerezi chonga cha Sitandade 8. M'maŵa mwake adakatumiza ataima pa chulu cha kuseri kwa nyumba, pamene netiweki imagwirako. Patapita masiku angapo adandiimbira foni, mau ake ali ngati a munthu amene walandira kalata ya ku Joni. Wina adamuyankha, kumupempha kuti ayatse ndi lamulo lina loonjeza zolembedwa mu dmesg, ndiponso kuti ayese kernel ina ya pakati. Choyambacho wachita kale. Chachiŵiricho chikudikira malipiro a kutha kwa mwezi, kuti agule bandulo ndi kukwera ulendo wa ku Liwonde.